Mzere Wofiira

Mvula ya ku São Bernardo ikugogoda malata a galaja.
Gol yathu yoyera, yondiposa zaka,
taimanga ndi malamba pa zigudumu zoyezera mphamvu
ngati ng'ombe yokana dibi.

Laputopu ili pamiyendo panga.
M'kabokosi kamodzi mwalembedwa 6,500.
Apo ndi pomwe kompyuta imamana injini moto,
singano n'kumenya khoma losaoneka, pha! pha! pha!
ekisozi n'kulavula malawi a mafuta a nzimbe.

Ine ndikufuna 7,400.
Loweruka lililonse pa mpikisano,
kutangotsala mamita makumi atatu,
giya yachitatu imandithera m'manja.
Pomwe ndikulowetsa yachinayi, tabo yataya kale mpweya,
Edivaldo wa Chevette yobiriwira uyo, wadutsa,
mano onse pamtunda.

Bambo anga, a Valdeci, sanena kuti ayi.
Atola sipuling'i yakale ya vavu pa benchi,
aifinya ndi chala chamkombaphala.
"Jussara, kanthu aka kazitseka chitseko
ka makumi asanu ndi limodzi pa sekondi.
Kakachedwa kamodzi kokha,
pisitoni idzapeza vavu idakali pakhomo.
Sizipatsana moni."

Masipuling'i tinasintha mwezi watha, ndikutero.
"Mabawuti a mikono ya pisitoni?"
Atsopano, munamanga nokha.
"Oyilo?"
Ndawalozera geji. Angoti hmm,
n'kupukuta manja oyera kale.

Pamkono pawo pali wotchi yakuda yowerenga mtima.
Chichokereni m'chipatala mu Malichi
nawonso anawalembera nambala yawo: 110.
Ikadutsa apo imalira.
Giyabokosi sanyamulanso,
khofi amamwa theka la kapu,
masitepe a kunyumba amakwera ngati akuwawerenga.
Munthu amene ankagona pansi pa magalimoto mpaka tambala
tsopano ali ndi mzere wofiira wake.

Ndafufuta. Ndalemba 7,400.
Manambala anayi basi, opanda kulemera ngakhale kwa washala.

Phazi pansi.
Pa 3,000 tabo iyamba kaluzu kake,
pa 5,000 malamba akungika, galaja yonse ikunjenjemera,
masipanala akuvina pa misomali.
6,500.
Khoma palibe.
Singano yalowa m'dera lomwe sinapondemo chibadwire,
mawu a injini aonda, asongoka,
akhala ngati waya wokokedwa mbali zonse ziwiri.
7,000. Mano anga aluma okha.
7,200,
ndipo pansi pa phokoso lonselo ndikumva kena,
kakang'ono, kosalekeza:
ti-ti-ti-ti.

Si injini.

Ndachotsa phazi.
Tabo yausa moyo, fyuu, zigudumu zikutha liwiro pang'onopang'ono.
Bambo aphimba wotchi ndi dzanja
ngati mwana wobisa shuga.

Pa sikirini mzere wa mphamvu wakwera phiri,
wafika pansonga pa 6,900,
kenako wayamba kutsetsereka.
"Waona? Tabo yakoyi ndi yaing'ono.
Kupitirira apa ikungopemerera mpweya wotentha.
Kwatsalako ndi phokoso."

Sindikufuna mphamvu, Bambo.
Ndikufuna mamita makumi atatu.

Andiyang'ana nthawi yaitali.
Kenako kuseka kuja kwabwera,
kwa m'mimba, komwe dokotala anaiwala kuletsa.
Atenga pensulo kukhutu,
awerengera pa katoni ya fyuluta:
kukula kwa tayala, mano a giya, kutalika kwa msewu.
Alemba 7,100, azunguliza kawiri.
"Apa ufika pamzere usanasinthe.
Mazana atatu enawo usiyire mabawuti anga."

Ndalemba. Mvula yachepa.
Fungo la mafuta opsa, lonunkhira ngati nzimbe yowotcha,
ladzaza m'galaja.

Bambo avula wotchi,
aiika m'bokosi la masipanala, atseka.
"Amayi ako asamve.
Ponda kachiwiri."

Sindiponda.
Ndatambasula dzanja pawindo, ndikudikira
mpaka aitulutse, aimangenso pamkono.